Mpanda wa mitengo m'chigwa cha Shire: nimu, keshya, nkhadze kapena ashoka?

Mtengo wotchinga pakhomo muziusankha mu Okutobala, osati mu Febuluwale. Mu Febuluwale chilichonse chimakhala chobiriwira kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, ndipo ngakhale tchire lomera lokha m'mbali mwa msewu limaoneka ngati lingabise nyumba. Dikirani dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, mitengo yambiri itayoyola masamba n'kutsala nthambi zokhazokha. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe mpanda umafunika kwambiri, chifukwa ndi miyezi imene banja limatulutsa mphasa n'kugona panja, amayi amaphikira pabwalo, ndipo aliyense amalowa m'bafa kangapo patsiku. Yendani m'mudzi kapena pamsika mwezi umenewo, muone mitengo yomwe idakali ndi masamba. Muonenso kuti masambawo ali pati: kumwamba kokha, kapena mpaka pansi pomwe maso a munthu wodutsa amafika?

Funso lachiwirili ndi lomwe limagwetsa ambiri. Mthunzi ndi china, kutchinga ndi chinanso. Woyenda pansi, wapanjinga kapena wa kabaza amasuzumira pabwalo panu kudzera pampata woyambira pansi kufika mamita awiri, mwina awiri ndi theka ngati msewu uli pamtunda pang'ono. Mtengo wotalika mamita 15 koma thunthu lake lilibe nthambi mpaka kupitirira denga sukubisirani kanthu. Choncho poyerekeza mitengoyi ndikufunsa ngati umasunga masamba m'chilimwe, ngati umalola kudulidwa kuti uphukire m'munsi, komanso ngati ungapirire adani a kuno kwathu: mbuzi, chiswe, madzi amchere a m'mijigo ndi dothi la makande.

Wina afunsa kuti bwanji osangomanga mpanda wa njerwa. Amene ali ndi ndalama za simenti amange, sindikumuletsa, koma adziwe kuti khoma limatseka mphepo, ndipo limamwa kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, nthawi yomwe thupi likulira kamphepo. Komanso m'malo modutsa madzi osefukira, monga tidaonera mu Januwale 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, khoma limalimbana ndi madzi mpaka kugwa, pomwe mitengo imawalola kudutsa n'kugwirako zinyalala ndi dothi. Mpanda wa bango kapena wa mapesi a mapira ndi wotchipa ndipo umatchinga tsiku lomwelo, kungoti chiswe ndi mphepo siziupatsa zaka zambiri. M'mene ndikuonera, ntchito yake ndi kugwirizira pomwe mitengo ikukula kumbuyo kwake.

Yoyamba kuisiya

Amene wakhalako ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Thyolo amabwerako atasirira mipanda ya cypress yometedwa mosalala, ndipo mbande zake sizisowa kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ya kumeneko. Musatsike nazo mapiri a Chikwawa. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe ife tili pansi penipeni, moti pamalo pomwe Shire amatulukira kulowa mu Mozambique ndi mamita 37 okha. Cypress ndi paini ndi mitengo ya kozizira, kwa mvula yambiri. Madera ambiri a chigwachi amalandira mamilimita 600 mpaka 800 pachaka, nayonso yogwa miyezi itatu kapena inayi basi. Mbandeyo ikhoza kukunamizani mpaka Julayi, koma chilimwe chikafika pachimake imayamba kufiira. Ngakhale kumtunda komweko cypress ali ndi mdani wake, nsabwe zoyamwa nthambi zomwe zidayamba kuoneka m'dziko muno mu 1986 n'kuumitsa mipanda yambiri.

Bulugamu amakula msanga koma amathamangira kumwamba, chiswe chimakonda mbande zake, ndipo amamwa madzi omwe dimba la mnzanu likuwafuna. Nsangu ndi wabwino kumunda, koma amavula masamba m'dzinja anzake akuvala. Chamwamba ndi ndiwo, komanso ndi mzati wamoyo womangirirapo bango, koma masamba ake ndi apatalipatali ndipo mbuzi sizichipatsa mpata. Wofunika kuchenjera naye ndi indiya, chifukwa akadali m'chubu amafanana ndi nimu. Indiya amayoyola m'chilimwe ndipo zipatso zake ndi zapoizoni. Yang'anani tsamba: la nimu ndi kaphesi kamodzi kokhala ndi timasamba uku ndi uku, pomwe la indiya kaphesiko kamachitanso timphanda.

Nimu

Nimu kwawo ndi ku India ndi Myanmar, koma m'chigwa muno adakhazikika ngati mbadwa. Pasukulu, pachipatala, pamsika wa Nchalo kapena wa Bangula, mthunzi womwe anthu amathawiramo masana nthawi zambiri ndi wake. Muzu wake umalowa pansi kwambiri, amapirira ng'amba, chiswe sichimukonda, madzi amchere pang'ono samupha, ndipo akadulidwa amaphukanso mwamphamvu. Chilala chikanyanya amatha kuthothola masamba ena, koma sachedwa kubwezeretsa.

Mbande zake si zofunika kutayira ndalama. Mvula ikagwa, pansi pa nimu wamkulu pamamera tiana tambirimbiri. Zulani tating'onoting'ono ndi dothi lake lomwe n'kutiika m'machubu pamthunzi. Ngati mukufuna kufesa, tolani zipatso zakupsa zachikasu, chotsani mnofu, tsukani njerezo, ndipo muzifese pasanathe milungu iwiri kapena itatu. Njere za nimu sizisungika. Zikagona miyezi m'thumba, zambiri sizimera, ndipo mungathe kumanamizira dothi pachabe.

Vuto la nimu ndi lakuti akasiyidwa yekha amasanduka ambulera: pamwamba mthunzi wosaneneka, pansi pali pululu. Mizere yambiri ya nimu yomwe timaiona m'malire mwa mapuloti ili choncho, anthu adadzala kuti abise bwalo koma adakolola mthunzi wokha. Kuti akhale mpanda weniweni, dzalani motalikana mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Akafika m'chiuno, mudule nsonga n'kumubweza cha m'mawondo. Apa ndi pomwe dzanja limalemera, chifukwa kudula mtengo womwe mwautungira madzi chilimwe chonse kumawawa mumtima, koma popanda kutero nthambi za m'munsi sizibwera. Pamalo podulapo pamaphuka nthambi zingapo. Nazonso zikakula ngati mkono muzitsine nsonga, ndipo muzikweza mpandawo pang'onopang'ono mpaka ufike mamita awiri ndi theka kapena atatu. Kuyambira pamenepo muziumeta kawiri pachaka, mvula ikangoyamba ndiponso ikamatha. Osameta mu Okutobala, dzuwa lingawambe nthambi zomwe zidazolowera kubisala.

Pometa, m'munsi mukhale motambalala kuposa pamwamba. Mukachita mosemphana, nthambi za pamwamba zimaphimba za m'munsi, izo n'kuuma chifukwa chosowa dzuwa, ndiye mwabwerera ku vuto lomwe lija. Nimu wometedwa kawirikawiri sabereka zipatso zambiri, ndipo zimenezi n'zabwino, chifukwa zipatsozo ndi zomwe zimaitana mileme ndi mbalame, izo n'kumwaza njere kudimba ndi kumunda. Nimu akapeza malo omukomera amafalikira mosafunsa.

Pali malo awiri pomwe sindingamudzale. Poyamba ndi pafupi ndi nyumba, chimbudzi chokumba, thanki ya suweji kapena mapaipi. Mizu yake imayenda patali kusaka chinyezi, ndiye mumupatse mamita asanu kapena kuposera. Pachiwiri ndi pomwe madzi amaima masiku ambiri m'dzinja. Nimu amapirira ludzu, koma mizu yake ikamira kwa nthawi yaitali amachita chikasu n'kufa.

Keshya

Keshya alipo wamitundu iwiri, ndipo apa kulakwitsa mtundu n'kutaya zaka. Wa milimo, yemwe akatswiri amamutcha Senna siamea, ndiye amasunga masamba. Wa maluwa, Senna spectabilis, amakongola akachita maluwa achikasu koma m'chilimwe amavula. Timasamba ta wa milimo ndi tobulungira kunsonga ndipo zikhokhombe zake ndi zaphwatalala. Wa maluwa timasamba take n'tosongoka, zikhokhombe n'zobulungira.

Chimene keshya wa milimo amaposera nimu ndi chakuti mbuzi ndi ng'ombe sizimulakalaka kwenikweni, pomwe nimu wamng'ono m'chilimwe zimamubudula ngakhale ali wowawa. Kwa munthu wokhala m'mbali mwa njira ya ng'ombe cha ku Ngabu kapena kwa Tengani, imeneyi si nkhani yaing'ono. Chiswe nacho chimamulambalala. Amathamanga kukula, amaphukanso akadulidwa, ndipo zodulazo ndi nkhuni komanso milimo ya khola kapena ya chisakasa. Njere zake zimasungika. Zakale muzithire madzi otentha n'kuzisiya usiku wonse musanafese.

Pofooka pake ndi pa mizu. Imayenda pamwambamwamba ndiponso patali, choncho imalanda chinyezi mbewu zomwe zili pafupi, ndipo mphepo ya mkuntho ya mvula zoyamba imatha kumuthyola kapena kumuzula ngati mwamulekerera kutalika. Pamalo ouma kwambiri masamba ake amapyapyala mu Okutobala kuposa a nimu. Ndipo amene mukuweta nkhumba, masamba ndi zikhokhombe zake musaziponye m'khola, zimazivulaza. Ine ndingaike nimu kumaso kwa nyumba komwe ndingathe kumuteteza ndi kumumeta bwino, keshya n'kumupatsa mbali yaitali ya kuseri komwe kumadutsa ziweto.

Nkhadze

Makolo athu ankatchinga ndi nkhadze nazale zisanabwere, ndipo pa nkhani yotseka maso kuyambira pansi palibe woiposa. Timasamba take n'tating'onoting'ono ndipo sitikhalitsa. Timphanda take tobiriwira ndito timagwira ntchito ya masamba chaka chonse. Sifuna chubu, sifuna ndowa. Mumadula nthambi zotalika ngati mkono, kuzisiya pamthunzi masiku angapo kuti utomoni uume pabala, kenako kuzizika motalikana masentimita 30 mpaka 50. Kwa munthu yemwe mjigo uli kutali, ndiyo njira yokhayo yosalira madzi.

Koma utomoni wake woyerawo si wamasewera. Ukagwera pakhungu umawotcha, ukalowa m'diso umapweteka koopsa ndipo munthu amatha kulephera kuona kwa masiku. Zikachitika, tsukani disolo ndi madzi aukhondo ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo pitani kuchipatala osadikira kuti lizizira lokha. Podula valani malaya a manja aatali ndi magalasi, ndipo musadule tsiku la mphepo. Utomoni womwewo umapha nsomba, ndiye isayandikire damu. Nthambi zake n'zosachedwa kuthyoka, ndipo mwana wothamangitsa mpira safunsa kaye. N'chifukwa chake ndimaiona yoyenera kukhola, kumalire a kuseri kapena kumunda, osati pabwalo posewerera ana. Pamalo olowa madzi imaola.

Pali kamtengo kenanso komwe ena amachitira mpanda chifukwa sikamva dzuwa ndipo mbuzi sizikakhudza: masamba aatali owonda, maluwa achikasu onga belu, dzina la akatswiri ndi Thevetia. Mbuzizo zikudziwa chimene zikuthawa. Kamtengoka n'kapoizoni konse, makamaka njere, zomwe zimasokoneza kagundidwe ka mtima. Pakhomo pa ana kasapezeke.

Ashoka

Uyu ndi uja woongoka, wowonda, masamba ake olendewera pansi, yemwe mumamuona pamalo ogona alendo ndi pamaofesi. Kwawo ndi ku India ndi Sri Lanka, choncho kutentha sakuopa. Ubwino wake ndi wakuti satenga malo m'mbali ndipo salira kumeta, pomwe kutalika amatha kupitirira mamita 10. Pa puloti yaing'ono pa Nchalo, pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje, pomwe nimu angadzaze bwalo lonse, ashoka amakwanira. Ndiyenso amathandiza ngati akukusuzumirani ali pamwamba, monga panyumba yosanja kapena pamsewu wokwezedwa.

Vuto lake ndi lakuti amalira ndalama ndi madzi. Mbande ndi zogula ndipo si zotchipa, zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba amafuna kuthiriridwa mosadumphitsa, ndipo poyamba amakula mozengereza. Amene ali ndi mpopi pakhomo angayese. Wodalira mjigo wa madzi amchere angotaya ndalama. Sindingazungulize naye puloti yonse. Anayi kapena asanu ndi mmodzi, motalikana mita imodzi ndi theka, pamalo enieni pomwe maso amalowera, akwana. Pansi pa mawaya a ESCOM ayi, ndipo lamulo limeneli ndi la mtengo uliwonse womwe simudzaumeta.

Pomwe madzi amaima

Kwa okhala ku East Bank cha ku Makhanga ndi Muona, m'mphepete mwa Elephant Marsh, kapena paliponse pomwe madzi amachedwa kuphwa, nimu ndi nkhadze zagwa kale pamayeso. Kumeneko yang'anani mitengo yomwe imamera yokha m'mbali mwa mitsinje. Msikidzi ndi wathuwathu, masamba ake obiriwira moderako sagwa chaka chonse, ndipo umasangalala pomwe madzi a pansi ali pafupi. Njere zake zakuda zokutidwa ndi kachikopa kofiira zimafuna kufesedwa zikangogwa, mutachotsa kofiirako. Kungoti msikidzi ndi chimtengo chotambalala, si wa mzere wothinana. Uikeni pangodya ya puloti kapena motalikana mamita asanu kupita m'tsogolo, ndipo musasadze nthambi za m'munsi. Jambula nayenso sayoyola ndipo amapirira madzi oima kwa kanthawi, komanso amalola kudulidwa. Chingwe choyanikira zovala chokha chikhale kutali, chifukwa zipatso zake zimathimbiriritsa nsalu.

Nsungwi zimatseka msanga pomwe pali chinyezi, koma pouma zimayoyola, ndipo masamba ouma omwe amaunjikana patsinde ndi chakudya cha moto komanso nyumba ya makoswe ndi njoka. Wodzala nsungwi akhale wokonda tsache.

Chimene chimathandiza kwambiri m'malo oterewa si mtengo n'komwe, koma udzu wa vetiva. Mukaudzala pamzere motalikana masentimita 10 mpaka 15, umalukana n'kukwera kupitirira mita imodzi, mizu yake imalowa molunjika pansi osalanda mbewu za m'mbali, ndipo umapirira kumizidwa ndi chilala chomwe. Umatseka mpata wa m'munsi womwe mitengo ikuluikulu imausiya. Mzere wa vetiva kunja, mitengo mkati, ndi mpanda wolimba kuposa mtundu umodzi wokha, ngakhale pamalo ouma.

Itatu ina ndingoitchula mwachidule. Mtengo wa bwemba umapirira zonse za kuno koma umakula mochedwa, zaka zisanu zoyamba sukubisirani kanthu. Masawu ali ndi minga yobweza mbuzi ndi wakuba yemwe, ndiye ndi abwino pamzere wa kunja, koma masamba amachepa nthawi yotentha. Mango amatchinga bwino ndithu akakhala ndi nthambi za m'munsi, koma sagwirizana ndi madzi amchere, ndipo wodzala mango m'mbali mwa msewu kuti anthu asamuone adzapeza ana a mudzi wonse ali m'mwamba mwa mpanda wakewo mu Disembala.

Madzi, dothi, mbuzi ndi chiswe

Musanakumbe dzenje, werengani ndowa. Puloti ya mamita 30 mulitali ndi 20 mulifupi, kuizungulira ndi mamita 100. Pa mita imodzi ndi theka iliyonse, imeneyo ndi mitengo 66. Mbande iliyonse ikamalandira malita 10 kawiri pamlungu m'chilimwe choyamba, ndiye kuti ndowa 66 za malita 20 mlungu uliwonse, kuyambira cha mu Meyi mpaka mvula idzabwere. Ndani azitunga? Mipanda yambiri imafera pa funso limeneli, osati pa mtundu wa mtengo. Ndi bwino kuima pamsewu ndi pakhomo la aneba, kuona pomwe maso amalowera, n'kuyamba ndi pamenepo: kubafa, kukhonde logonapo, kukhitchini. Mitengo 15 yothiriridwa bwino iposa 66 yofota. Mbali zotsalazo zidikire chaka chamawa, kapena zipatsidwe nkhadze ndi vetiva.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma kuno musatengeke ndi tsiku lomalizalo. Mvula yathu imachedwa kubwera ndipo imafulumira kuchoka. Dzalani nthaka ikangonyowa mokwanira, mu Disembala kapena Januwale, madzulo dzuwa litapepa. Mbande yodzalidwa mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanagwire. Maenje akumbidwe mvula isanayambe, masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi la pamwamba lisakanizidwe ndi manyowa akukhola owolerana bwino. Osawolerana amawotcha mizu ndipo amaitana chiswe. Chubu chichotsedwe, ndipo ngati muzu wapindika pansi pake muudule mopindikamo.

Pa makande, dothi lakuda lija la cha ku Ngabu, malangizo a dzenje lakuya amatembenuka. M'dzinja makande amamata n'kusunga madzi, ndiye dzenje lodzazidwa ndi dothi lofewa limakhala lokhalo lolandira madzi a pamalo ponse, mbande n'kumira. M'chilimwe dothi lomwelo limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, n'kudula mizu yanthete. Pamenepo kumbani motambalala osati mozama, sakanizani mchenga ndi manyowa, ndipo mbande ikhale pakamtumbira kokwera ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Phimbirani ndi udzu kapena mapesi kuti ming'alu isafike patsinde.

Madzi a mijigo yambiri m'chigwa muno ali ndi mchere. Mudzadziwa mukaona zoyerayera pamwamba pa dothi ndi masamba opserera m'mphepete. Kuthira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ndiko kumaunjika mcherewo pamizu, chifukwa madzi amauluka ndi dzuwa, mchere n'kutsala. Thirani ambiri nthawi imodzi kuti alowe pansi, patsinde osati pamasamba, kenako mudumphe masiku. Madzi a kubafa ndi otsukira mbale musawataye. Kangalande kolowera pamzere wa nimu kapena keshya yemwe wagwira kale kamachepetsa maulendo a kumjigo. Botolo lapulasitiki loboola timabowo, lokwiriridwa pambali pa mbande, limafikitsa madzi kumizu osawagawira dzuwa.

Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo mbande yobiriwira pakati pa bwalo louma imaonekera patali. Mbuzi imodzi ikhoza kumaliza mzere wonse m'mawa umodzi. Chitetezo chiikidwe tsiku lodzala lomwelo: nthambi za minga za masawu kapena mthethe, kadengu kolukidwa ndi bango kapena nsungwi, kapenanso njerwa zosanjidwa mosiya mipata. Ngati pali mpanda wa bango kale, dzalani mkati mwake, motalikirako theka la mita kuti mbande zipeze dzuwa. Chitetezocho chisachoke mpaka nsonga zitapitirira pomwe mbuzi yoimirira ndi miyendo iwiri ingafike, ndipo kumbukirani kuti mpanda womwe mukuudula kuti uphukire m'munsi umakhala pakamwa pa mbuzi nthawi yaitali kuposa mtengo wongosiyidwa.

Chiswe chimayamba ndi mbande yofooka ndi ludzu. Zophimbira zisakhudze tsinde, musiye kampata ngati zala zinayi, ndipo muziwaza phulusa mozungulira. Masamba a nimu omwe mwameta ndi abwino kuphimbira kuposa mapesi a chimanga, omwe chiswe chimawakonda. Mpanda ukakula, pansi pake pazisesedwa. Zinyalala, zitini ndi zigoba zosunga madzi ndizo zimabweretsa udzudzu ndi njoka, ndipo mlandu umagwera mitengo.

Za malire

Mtengo umanenepa, malire sasuntha. Mbande yodzalidwa pamzere weniweni wa malire, pakatha zaka zisanu theka la thunthu limakhala kwa eni ake, pamodzi ndi mthunzi pa mbewu zawo ndi masamba padenga lawo. Bwererani mkati mita imodzi, kuti muzithanso kumeta mbali ya kunja mutaponda kwanu. Ndipo mawu ochepa asanakumbidwe maenje amapulumutsa milandu yambiri: "Aneba, ndimati ndidzale nimu m'mbali muno. Tabwerani tionere limodzi pomwe adutse, mungadzadabwe." Kumudzi, ngati malirewo sadziwika bwino, a nyakwawa aitanidwe adzaloze mbande zisanalowe pansi, chifukwa mzere wa mitengo ukakula anthu amayamba kuutenga ngati ndiwo malire.

Pomaliza kudzala, musathe mbande zonse. Sungani zingapo m'machubu pamthunzi, pafupifupi imodzi pa khumi zilizonse zomwe mwadzala, n'kumazithirira. Zina pamzere zidzafa ndithu, ndipo pofa papakizidwe mkati mwa mwezi womwewo mvula ikadalipo. Mukadikira chaka chamawa, zoyandikana nazo zimakhala zitatalika, yatsopanoyo imakulira mumthunzi, ndipo mpatawo sutsekekanso.